Mapale a Apongozi Anga

Mawu akuti kukanda ndinabwera nawo kuchokera ku Chipata, ndipo ndinkaganiza kuti ndikuwadziwa bwino. Kwathu tinkakanda ufa wa mabanzi. Uthiremo madzi, kamchere ndi yisiti, ufinyefinye ndi zibakera mpaka uleke kumatirira m'zala, basi wakanda. Inali ntchito yoti n'kugwira uku ukucheza ndi wa nyumba yoyandikana nayo. Nditafika ku Tembwe ndinapeza mawu omwewo akusenza katundu wolemera kuposa pamenepo. Amuna oumba njerwa ankati akukanda matope, koma ndi mapazi, mabuluku atapindira m'mawondo. Azimayi ankakanda dothi lozirira m'nyumba. Ndiye panali apongozi anga, amene akati "mawa nikanda dongo" ankanena ntchito ya sabata yathunthu, ndipo munthu wanzeru ankawatalikira mpaka ithe.

Ku Tembwe ndinapita monga mphunzitsi, nditangomaliza maphunziro, ndi sutikesi imodzi ndi nsapato zimene fumbi la kumeneko linazimaliza m'miyezi iwiri. Ndinkati ndikhalako zaka ziwiri kenako ndipemphe kubwerera kutauni. Koma njinga yanga inkaphulika tayala kawirikawiri, ndipo mnyamata wokonza njinga pafupi ndi sukulu anali wosafulumira pantchito, wodziwa kuseketsa. Ndikukayikira mpaka lero ngati zigamba zake ankazimata ndi mtima wonse. Chaka chachitatu chisanathe ndinali mkazi wake, ndikukhala m'nyumba imene anamanga pabwalo la amayi ake.

Apongozi aamuna anali atamwalira kalekale. Apongozi aakazi ndiwo anali mwini bwalo, mayi wamfupi wa mikono ngati ya mwamuna, wodziwika dera lonselo pa kuumba mitsuko. Amene sanakhaleko kuchigwa chotentha cha Tembwe mwezi wa Okutobala sangamvetse ulemu umene woumba mitsuko amalandira. Madzi a m'chigubu cha pulasitiki pofika masana amakhala oti n'kuviikamo masamba a tiyi, koma a mumtsuko wa apongozi ankazizira mpaka kugwira mano.

Vuto langa linali limodzi. Mkazi wa alamu anga, amenenso ankakhala pabwalo pomwepo, apongozi ankamuitana kuti "mkamwana", ndiye kuti mkazi wa mwana wanga m'chilankhulo chawo cha Chisenga. Ankamukalipira, kumutuma, kumulanda chipande m'manja akamachedwa kugawa ndiwo. Ine ankandiitana kuti "amadamu". Ndikagwada powapatsa madzi, ankati, "Imani amadamu, muzadetsa diresi." Ndikawapatsa moni m'Chisenga changa chopunduka, ankandiyankha m'Chinyanja, pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mlendo wa boma. Anthu amaganiza kuti kukalipiridwa n'kowawa. Ayese kulemekezedwa tsiku ndi tsiku pakhomo pamene akwatiwapo. Ine ndinkasirira kukalipiridwa, ndipo ndinkalira nazo ndikakhala ndekha.

Mwamuna wanga ankati ndidekhe, amayi ake ndi otero. Kudekha ine sindinabadwe nako. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndiwaonetsa kuti mkazi wa kutauni nayenso ali ndi manja.

Mwayi unapezeka pa tchuthi cha Ogasiti. Apongozi ananyamuka kupita ku Kambombo kukaona mng'ono wawo amene ankadwala, nati agonako masiku awiri. Mkazi wa alamu anapita nawo. Mwamuna wanga ankakhalira kudimba ikatha ntchito ya njinga. Bwalo lonse linatsala m'manja mwanga, ndipo ndinalilowa ndi tsache ngati ndalipiridwa. Ndinasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndinazula zitsamba, ndinasanja nkhuni motsatira kutalika kwake. Kenako ndinafika kuseri kwa khitchini ya apongozi, pansi pa denga, pamene panali mulu wa mapale.

Mulu umenewu unkandinyansa kuyambira tsiku limene ndinafika. Zidutswa za miphika yosweka, zina zakuda ndi mwaye, zina zofiira, zounjikidwa mpaka m'mawondo, nkhuku zikupalasapo. Ine ndinkaphunzitsa ana za ukhondo Lolemba lililonse, kuti zinthu zotere zimasunga zinkhanira ndi madzi oswera udzudzu. Ndipo bafa lathu la udzu linali la matope, munthu ukasamba unkatuluka mapazi ali oyenera kusambanso. Nzeru inandibwerera pomwepo, ndipo ndinadzitama nayo. Mapale akuluakulu ndinawayala m'bafa, ndikuwakhomerera bwinobwino ndi mwala kuti akhazikike. Tizidutswa ting'onoting'ono tosayalika ndinatiwolera m'dengu, maulendo atatu, n'kukatikhuthulira m'chimbudzi.

Madzulo mwamuna wanga atasamba anatuluka akuimba mluzu.

"Iwe mkazi wanga uli na nzeru," anatero. "Bafa yakhala monga ya ku boma. Wayapeza kuti mapale?"

"Kuseri kwa khitchini ya amama."

Mluzu unathera panjira. Anaima ndi thaulo paphewa, akundiyang'ana ngati ndamuuza za maliro.

"Unafunsa?"

"Kufunsa zinyalala?"

Anakhala pansi, nandifotokozera zimene ndikanazidziwa kale ndikanakhala ndi khutu. Dongo la kwathu kuno, anatero, ndi lonona kwambiri. Ukaliumba lokha limang'aluka likamauma, likapulumuka pamenepo limaphulika pamoto. Choncho amayi ake amasinja mapale a miphika yakale mpaka akhale ngati mchenga, n'kukandira m'dongo latsopano. Mulu uja unali nkhokwe yawo ya zaka zambiri. Mphika ukasweka paliponse m'mudzi, eni ake ankabweretsa zidutswa kwa iwo.

"Ndiye vuto lili pati?" ndinatero, pakamwa ndikulimba. "Ali m'bafa. Mawa nizazula nibweze."

"Onse ali m'bafa?"

Ndinamuuza za dengu ndi chimbudzi. Ndiye anandiuza za phale limodzi. Linali la mtsuko womaliza umene amayi awo a apongozi anaumba asanamwalire. Nthawi iliyonse yokanda dongo, apongozi ankabenthulako kachidutswa kangati chikhadabo n'kusinjira pamodzi ndi enawo. Poyamba linali lalikulu ngati mbale, koma tsopano linali litatsala laling'ono, losadzaza chikhato. Linali lakuda, la pakhosi pa mtsuko, lokhala ndi mizere itatu ndi timadontho tobayidwa ndi udzu.

Ndinalikumbukira nthawi yomweyo. Ndinali nditalitola, n'kulitembenuza, n'kunena ndekha kuti anthu akale ankadziwa kukongoletsa zinthu. Kenako ndinaliponya m'dengu chifukwa linali laling'ono, losayalika m'bafa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinazulabe bafa lonse, phale lililonse ndikulitembenuza, ngakhale ndinkadziwa kumene lija linapita. Ndinawatsuka, n'kuwaunjika pamalo pake. Mulu unali utachepa ndi theka, ndipo unkanunkhira sopo.

Apongozi anafika masana a tsiku lotsatira, fumbi lili m'miyendo. Anayang'ana bwalo, nati, "Kwayera, amadamu." Anamwa madzi. Kenako anazungulira kuseri kwa khitchini, ine ndili pambuyo pawo ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Anaima pa mulu uja. Anagwada, nayamba kufukula ndi manja, mbali iyi, mbali iyo. Anatola phale limodzi n'kulinunkhiza.

Ndinagwada, ndipo ulendo uno sananene za diresi. Ndinawauza zonse, bafa, dengu, chimbudzi, osabisa kanthu.

"Ija ya mizere itatu?" anafunsa.

"Inapita m'chimbudzi, amama."

Ndinayembekeza kuti tsopano mvula igwa. Kunena zoona, mbali ina ya mtima wanga inkaifuna: andikalipire, anditukwane ngati mmene akanamuchitira mkazi wa alamu, zithe. Iwo anangodzuka, nasasa mawondo.

"Palibe kanthu, amadamu. Simunadziwe. Mwasebenza maningi, pumulani."

Masiku anayi otsatira anali aulemu woopsa. Ankandipatsa moni m'mawa asanapatse aliyense. Ankanditumizira ndiwo m'mbale yovundikira, ija ya alendo. Mkazi wa alamu ankandiyang'ana mwachisoni, zimene zinkandipsetsa mtima koposa. Ndinayamba kuganiza zopempha nyumba ya kusukulu, ndipo ndinamuuza mwamuna wanga kuti pabwalo pano ndidzakalamba ndili mlendo. Iye anangokanda kumutu, monga amachitira amuna nkhani ikakhala pakati pa mkazi ndi mayi.

Tsiku lachisanu m'mamawa ndinamva khasu likugogoda pakhomo panga.

"Amadamu, sukulu ikali yotseka? Tiyeni munithandize kunyamula dongo. Mkamwana wanga msana umuwawa."

Msana wa mkazi wa alamu unali bwinobwino, ndinamuona akusinja tsiku lomwelo. Koma ndinamanga chitenje msangamsanga osafunsa.

Dongo ankakumba m'mphepete mwa kamtsinje kouma, ulendo wa ola lathunthu, pamalo pamene panali ndowe za njovu zadzulo lake. Apongozi sanaziyang'ane n'komwe. Analowa m'dzenje, nachotsa dothi la pamwamba, nayamba kusema lotuwa la pansi. Ankati akasema, n'kutsinako pang'ono, n'kuluma ndi mano akutsogolo. Lina ankalavula n'kutaya, lina n'kuponya m'dengu langa. Pobwerera khosi langa linkalira, iwo ali patsogolo ndi dengu lalikulu kuposa langa, akuyenda ngati asenza thonje.

Ndinkaganiza kuti tikafika tithira madzi n'kuyamba kukanda. Ayi ndithu. Dongo linayanikidwa padzuwa masiku awiri mpaka kuuma gwa. Kenako kuliphwanya ndi munsi. Kenako kukhala pansi n'kumatola timiyala ndi timizu, kamodzikamodzi, ntchito yotopetsa kuposa kusankha mpunga. Kenako kuliviika m'mbiya yakale, kulivundikira ndi masamba a nthochi, n'kulisiya ligone masiku atatu. Pamene linkagona, ine ndinapatsidwa mtondo ndi mapale anga a m'bafa aja. Ndinasinja mpaka matuza, ndinasefa, ndinasinjanso zotsalira. Fungo la sopo linkakwera ndi fumbi.

"Mitsuko ya chaka chino manzi yake yazayamba kuchita thovu," anatero apongozi akudutsa, osandiyang'ana.

Ndinaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkayenerera. Kanali koyamba kundinyoza, ndipo ndinakondwa ngati ndapatsidwa chitenje chatsopano.

Tsiku lokanda linafika. Anayala thumba pansi pa mtengo wa mango, naikapo dongo, nawazapo ufa wa mapale uja. Ine ndinapinda manja a bulauzi. Apa pokha, ndinati mumtima, ndi panga. Ndinalowetsa zibakera mwamphamvu, kufinya, kutembenuza, kumenya, ndipo patapita mphindi zochepa ndinaliumba chibulunga chosalala n'kukhala tsonga.

"Nasiliza, amama."

Anatsinako, nakulunga m'zikhato kukhala kachingwe, nakazunguliza pa chala chawo. Kanathyokathyoka ngati chigumu chouma.

"Si mabanzi aya," anatero. "Kandani."

Ndinakanda. Anandionetsa kuti si zibakera ayi, ndi tsinde la chikhato, kukankhira kutsogolo ndi thupi lonse, kupinda, kutembenuza pang'ono, kukankhanso. Madzi si othira, ndi ongonyowetsa zala. Ukamva kanthu kolimba uime, ukafufuze mpaka ukapeze. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mango unatithawa, tinakoka thumba kuutsatira. Kanayi konse ndinanena kuti ndamaliza, kanayi konse kachingwe kanathyoka pa chala chawo. Mapewa anayaka moto. Ndinayamba kulida dongolo, kudana ndi Tembwe yense, ndi njinga yanga imene inandibweretsera zonsezi.

Kenako, sindikudziwa kuti zinasintha nthawi yanji, dongo linaleka kulimbana nane. Linayamba kupita kumene dzanja likupita, lofewa koma losamata, lozizira bwino. Apongozi anakulunga kachingwe, nakazunguliza pa chala kawiri, ndipo sikanang'aluke paliponse.

"Manje mwakanda," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewa sindiwatchula mwachibwana. Ana a m'kalasi langa akamasewera ndi dothi la pachulu n'kumati akanda, ndimawapanga mayeso a chala, ndipo amandiona ngati wamisala.

Apongozi anaumba mitsuko isanu m'masiku awiri. Ankayamba ndi chibulunga, kuboola pakati ndi chibakera, kukweza makoma ndi zingwe za dongo, kusalaza kunja ndi chitsononkho, mkati ndi chigoba cha nkhono. Ine anandigawira dongo langa ndekha, limene ndinakanda popanda iwo kuliyesa, nati ndiumbe chimene ndingathe. Ndinaumba kamphika ka ndiwo. Kanali kopendekeka, mlomo wake mbali ina wokwera mbali ina wotsika, koma ndinakakonda ngati mwana woyamba. Pakhosi pake ndinajambulapo timitanda ndi kamtengo. Masabata awiri kali kuuma m'khitchini ndinkapita kukakazonda m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, imene inali itatsegulidwa tsopano. Mumtima ndinali nditakonza kale zonse: kakapsa, ndidzagwada, ndidzakapereka kwa apongozi m'malo mwa chimene ndinawatayira. Ndinkadziwa kuti sikangafanane nacho, koma ndinalibe china.

Tinaotcha Loweruka masana, mphepo itagona. Tinasanja mitsuko pa nkhuni, kamphika kanga pakati, n'kuunjikira makungwa ouma ndi udzu pamwamba. Moto unakwera msanga, wotentha moti tinaima patali titaphimba nkhope ndi zitenje. Pasanapite nthawi tinamva kuti phuu! mkati mwa moto, ngati chimanga chokazinga koma mokulirapo.

Mkazi wa alamu anandiyang'ana. Apongozi sanatembenuke.

Moto utazilala anayamba kutulutsa mitsuko ndi mtengo wautali, ili yofiira, akuiwaza madzi a makungwa amene amaisiyira mawanga akuda. Umodzi, uwiri, mpaka usanu, yonse yamoyo, ukaigogoda ikulira ngati belu. Kamphika kanga kanatuluka m'zidutswa zinayi. Apongozi anadikira zizizire, natola chimodzi, nandionetsa pamene panayambira mng'alu. Panali kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira.

"Aka munakamva pokanda," anatero. "Munachita ulesi kukafuna."

Zinali zoona. Ndinakamva, ndipo ndinati kamodzi kokha sikangachite kanthu. Ndinakhala pansi paphulusa pomwepo, mphunzitsi wathunthu, n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana wa giredi yoyamba. Ndinalira kamphika, ndinalira mapewa anga, koma makamaka ndinalira phale lija. Ndinawauza kuti ndinkafuna kuwapatsa kamphikako chifukwa ndinawatayira amayi awo m'chimbudzi, ndipo tsopano ndilibe chowapatsa, ndipo ngati akufuna ndisamukire kusukulu anene, ndipita.

"Iwe, leka chongo!"

Ndinasiya kulira pakati pa mpweya. Chikhalire anali asanandinenepo kuti iwe.

"Uganiza amama wanga angathere mu chimbuzi chako? Mapale yonse yamene unasambirapo, wayesa yanachoka kuti? Ni miphika yanga. Mu mphika uliwonse nenze kuikamo kachidutswa kawo, zaka na zaka. Wasinja wekha, wakanda wekha na manja yako. Ali umu," anagogoda mtsuko wina ndi chala, "na umu, na muli aka kako kopindika." Anaima kaye, napukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Chinaniwawa, nisakunamize. Ija nenze kuiona na maso, mizere ija anailemba na dzanja lawo. Siizabwera. Koma kulira kwako sikuzaichotsa kuja."

Anasonkhanitsa zidutswa zinayi zija m'chitenje, nanyamuka kulowera kuseri kwa khitchini. Ndinawatsatira ndikufwenthera. Ndinkaganiza kuti akukazitaya kudzala. Anaima pa mulu wa mapale, naponyapo zitatu. Chachinayi, cha pakhosi chokhala ndi timitanda tanga, anachiyang'ana mokwinya nkhope.

"Kulemba kwa bwanji uku, monga nkhuku yapalasa."

Anachilowetsa pansi pa mulu, pakona ya kukhoma, pamalo pamene ndinapeza lija la mizere itatu.

Patapita milungu itatu tinakandanso dongo. Mapale atathiridwa mumtondo, apongozi anapita okha kuseri kwa khitchini, nabwera ndi phale langa lija. Anabenthulako kachidutswa kangati chikhadabo, naponya mumtondo pamodzi ndi enawo, nandipatsa munsi. Ndinasinja mpaka sindikanathanso kusiyanitsa kuti changa n'chiti, chawo n'chiti, cha amayi awo n'chiti. Anawaza ufawo pa dongo, ine ndikuyang'ana, manja ali lende.

"Wenze kukamba zopita ku sukulu," anatero. "Manje dzichotsemo umu tione." Anandikankhira thumba ndi phazi. "Uyembekeza chani, mkamwana? Kanda, dzuwa ipita."